Tifunse Asisitere: mzimu wa chipani udakalipo kapena kwatsala mipanda yokha?

Moni nonse owerenga. Chipitire tsiku lija la 2 February lomwe Mpingo umakumbukira anthu odzipereka, makalata abwera ambiri ndithu, ena apapepala ena pa WhatsApp, ndipo ambiri akuzungulira nkhani imodzi yomweyi ya zipani za ansembe, abulazala ndi asisitere, kuti kodi ntchito yomwe tinaitanidwira tikuigwirabe masiku ano? Ndasankhapo anayi. Mayina a anthu ndi a malo tachotsa monga mwa nthawi zonse. Ine ndine wa banja la Montfort nde zitsanzo zanga zizichokera komweko, ndi kumene ndikukudziwa bwino.

FUNSO: Asisitere, ine ndine mkhristu wakale, ndinabatizidwa 1964 ndipo ndakalambira mumpingo. Tili ana asisitere ankabwera kumudzi wapansi, kukhala pamkeka ndi amayi athu, kutsuka mabala a anthu. Pano timangowaona pagalimoto magalasi otseka. Chaka chatha mdzukulu wanga anadwala malungo usiku, tinathamangira ku chipatala china cha mishoni, funso loyamba linali la ndalama osati la mwana. Nde ndimafunsa, zija munkati ntchito ya chipani zidakalipo, kapena kwatsala yunifolomu ndi mipanda? Mundikhululukire ngati ndalankhula mopyola. Bambo wa m'chigawo cha kummwera.

YANKHO: Bambo, simunapyole ayi. Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri pandekha kenako ndinakaiwerenga mokweza patebulo titatha kudya mgonero, ndipo kunali zii kwa kanthawi, palibe anadzuka kukatsuka mbale. Pepani kwambiri ndi zomwe zinakuchitikirani usiku umenewo. Ndikhulupirira mdzukulu wanu anachira.

Ndiyambe ndi komwe tinachokera chifukwa funso lanu lagona pamenepo. Louis Marie de Montfort anabadwa 1673 ku France, anamwalira pa 28 April 1716 ali ndi zaka 43 zokha, wansembe woyendayenda wapansi yemwe maepiskopi ena ankamuthamangitsa m'madayosizi awo. Tsiku lina ku tauni ya Dinan anapeza munthu wazilonda thupi lonse atagona pamsewu madzulo, anamunyamula pamapewa mpaka kunyumba yomwe amishonale ankagona, anapeza atatseka kale nde anayamba kugogoda uku akufuula kuti atsekulireni Yesu Khristu. Sananene kuti tsekulirani wodwala ayi, anati Yesu Khristu, ndipo anamugoneka pabedi pake. Marie Louise Trichet, sisitere woyamba wa Daughters of Wisdom (Ana Aakazi a Luntha), chipani chomwe anayambitsa pamodzi ndi Montfort, anali mwana wa munthu wa zamalamulo ku Poitiers, banja lodziwika, koma atafuna kukatumikira pa chipatala cha amphawi cha mumzindamo anamuuza kuti malo antchito palibe, iye anati basi mundilandire ngati mmodzi wa amphawiwo, ndipo analowadi choncho. Anavala mkanjo wake wotuwa pa 2 February 1703 nakhala zaka khumi ndi kuposerapo alibe mnzake wachiwiri. Kagulu koyamba komwe Montfort anakatcha kuti Luntha kanali ka azimayi odwala ndi olumala a m'chipatalamo ndipo mtsogoleri wawo anali mayi wosaona. Chipani chinayamba choncho, opanda geti, opanda ofesi, opanda risiti.

Kuno kwathu ansembe atatu a Montfort, Bourget, Prézeau ndi Winnen, anafika ku Nzama ku Ntcheu mu July 1901 kwa mfumu Njobvuyalema, asisitere anatsatira 1904, ndipo 1925 Ambuye Louis Auneau anayambitsa ku Nguludi chipani cha asisitere a kuno konkuno, a Servants of the Blessed Virgin Mary. Asisitere omwe inu munawaona pamkeka aja anali kumwa pa chitsime chimenechi.

Tsono zasintha chani? Ndikuuzeni zoona zake osabisa. Kale mankhwala, mabandeji ngakhale ndalama zinkachokera kwa abale ndi maparishi a amishonale ku France, Holland, Italy, makontena ankafika. Amishonale aja ambiri anakalamba, ena anabwerera ena tinawaika konkuno, ndipo mipingo ya kwawoko nayo anthu achepa. Lero zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa CHAM, bungwe loyang'anira zipatala za mipingo yachikhristu m'Malawi, zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala m'dziko muno, makamaka kumidzi, boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri koma mankhwala, mafuta a ambulansi, magetsi, dizilo wa jenereta magetsi akazima, zonsezo chipatala chimayenera kuzipezera chokha ndipo kwacha ikagwa mtengo wa mankhwala umakwera tsiku lomwelo. Sisitere amene mumamuona pagalimoto uja nthawi zambiri akuthamangira ku Blantyre kapena ku Lilongwe kukagula mankhwala pangongole kapena kukapereka malipoti kwa othandiza, si kukasangalala. Ndipo Msonkhano wa Vatican wachiwiri mu 1965 unauza zipani zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti zibwerere ku mzimu wa oziyambitsa komanso ziyende ndi nthawi yomwe zilimo, nde sisitere kuphunzira za akaunti kapena za kompyuta si kusochera.

Koma bambo, zonsezi sizikuyankha kalata yanu. Kulipiritsa ndi nkhani ina, kufunsa ndalama mwana usanamuyang'ane ndi nkhani inanso. Ndipo ine ndikudziwa mmene zimachitikira chifukwa ndinazichitapo. Zaka zingapo zapitazo ndinkakhala pa desiki yolandira ndalama pa kachipatala kena, kunali kumapeto kwa mwezi, mabuku osagwirizana, mutu ukuwawa. Kunabwera mayi wina ali ndi mwana kumbuyo, ine osadzutsa nkomwe mutu ndinangotchula bilu. Mayi uja anayamba kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje chake ndi mano, inali yothina, munatuluka timakobidi ndi kapepala kamodzi kopindapinda konyowa ndi thukuta, akuwerenga pa desiki panga kamodzikamodzi. Amene anaona kuti khosi la mwana lagwera chammbali ndipo maso atembenuka sindinali ine wovala mtanda pachifuwa, anali mayi wokolopa pansi, anaponya chokolopera, kumumasula mwana uja kumsana kwa mayi ake nkuthamanga naye kwa anamwino akufuula. Mwanayo anachira. Ine usiku umenewo ku chapelo mapemphero anandikanika, ndimangoona mano aja akulimbana ndi mfundo. Mzimu wa Montfort tsiku limenelo unali mwa mayi wokolopa yemwe sanalumbirepo malumbiro alionse, ndipo mwina dzina la Dinan sanalimvepo.

Nde yankho langa ndi lakuti mzimuwo ulipo koma sumakhala m'nyumba kapena mu chikwangwani cha pageti, umatha kuchoka pamalo nyumba zili chiimire, belu likulirabe nthawi yake. Ndauonapo uli moyo. Namondwe Freddy atagwetsa mapiri mu March 2023 ku Chilobwe, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, asisitere, ansembe ndi akhristu a m'malimana anali m'misasa kuphika phala ndi kugawa zofunda, ena iwo omwe ataferedwa. Ndipo inu amene mwakalambira mumpingo mukukumbukira 8 March 1992 kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi monse, inasindikizidwa ku Balaka pa makina a ansembe a Montfort ndipo malowo anthu anakawayatsa moto pambuyo pake. Montfort sanaonepo makina ngati amenewo koma kulankhulira anthu opanda mawu inali ntchito yake yomweyo.

Pempho langa kwa inu, musangosunga nkhaniyi mumtima. Pitani mukaonane ndi mkulu wa chipatalacho kapena komiti yake, munene tsiku ndi nthawi, mufunsenso ngati ali pa mgwirizano uja ndi boma womwe zipatala zambiri za mishoni zimathandizira amayi oyembekezera ndi ana aang'ono osalipira, chifukwa anthu ambiri sauzidwa. Mukatero simukulimbana ndi mpingo ayi, mukutigogodera chitseko.

FUNSO: Asisitere ine ndili ku Johannesburg, ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ndili pabanja ana atatu ali kumudzi ndi agogo awo. Kwathu ndinali wa gulu la Legio ya Maria. Anzanga pa gulu lathu la WhatsApp akumakamba za kudzipereka kwa masiku 33 kwa Montfort, ena akuti ukapanga mapepala amatuluka ndipo apolisi sakugwira. Kodi ife apabanja zikutikhudza kapena ndi za inu asisitere? Nanga ine Lamulungu lina ndimagwira ntchito, Misa ndimaphonya. Mayi wa ku Joni.

YANKHO: Mayi, zikukukhudzani kwambiri, mwinanso kuposa ife. Montfort moyo wake wonse ankalalikira anthu wamba, alimi, amayi a pamsika, asilikali, opemphetsa, ndipo pomwe ankamwalira chipani chake cha ansembe chinali ndi ansembe awiri okha ndi abulazala ochepa. Pa mathero a m'bindikiro uliwonse wa parishi ankauza anthu kuti abwereze malonjezo awo a ubatizo, kukana satana ndi ntchito zake nkudzipereka kwa Yesu kudzera m'manja mwa Maria. Kudzipereka kwa masiku 33 ndi komweku basi, ndi ubatizo wanu womwe uja, kungoti pano mukuuvomera nokha ndi pakamwa panu muli munthu wamkulu, osati kudzera mwa amene anakunyamulani muli khanda.

Kayendedwe kake nkotere, masiku 12 oyamba ndi ochotsa mumtima mzimu wa dziko, kenako masabata atatu, loyamba kudzidziwa wekha, lachiwiri kumudziwa Maria, lachitatu kumudziwa Yesu. Anthu amawerengera kuti atsirize pa chikondwerero cha Amayi Maria, mwachitsanzo kuyamba 13 July kudzipereka 15 August, kapena kuyamba 5 November kudzipereka 8 December. Ndi bwino kulapa ndi kulandira Ukaristia patsikulo. Papa Yohane Paulo wachiwiri, yemwe anabwera ku Malawi mu 1989, anaphunzira njira imeneyi ali mnyamata wogwira ntchito mufakitale ku Kraków nthawi ya nkhondo, ankawerenga Montfort kuntchito komweko, ndipo mawu ake aja a Totus Tuus, kunena kuti ndine wanu yense, anawatenga kumeneko. Nde munthu wa ntchito yotopetsa ngati inu musadzione ngati muli kunja.

Koma za mapepala ndi apolisi zija ayi mayi, chonde auzeni anzanuwo mwaulemu. Kudzipereka si chithumwa, si mphinjiri yovala m'chiuno. Montfort mwiniwake anamanga phiri la Kalvale ku Pontchâteau ndi anthu mazanamazana kwa chaka chathunthu, litatsala tsiku limodzi kuti lidalitsidwe mu 1710 kunabwera chiletso ndipo kenako mfumu ya France inalamula kuti ligwetsedwe. Munthu wodzipereka kwathunthu ameneyo. Pempherani za mapepala anu, ineyo ndikupemphererani, koma muwatsatenso mwa njira yake. Za Misa, ngati abwana akukakamizani kugwira ntchito ndipo palibe kuchitira mwina si tchimo lanu, yesani ya Loweruka madzulo kapena pemphani Lamulungu limodzi pamwezi, korona mutha kuchita muli kusita. Ndipo mzimu wa banja lathu kumeneko muupeza mwa mtsikana amene wangotsika basi ku Park Station alibe kolowera, nambala yomwe anamupatsa sikugwira. Inu mukuidziwa njira, iye sakuidziwa.

FUNSO: Asisitere ndinalemba MSCE ndipo ndinakhoza bwino. Kuyambira ndili Sitandade 7 ndimafuna kukhala sisitere koma amayi akuti anagulitsa mbuzi zonse kundilipirira fizi, ndine woyamba kubadwa ndipo abambo anatisiya. Akuti ndikalowa adzawathandiza ndani, komanso akufuna zidzukulu. Amalume akuti ndalodzedwa. Ndikulakwa? Mtsikana wa zaka 19.

YANKHO: Mwana wanga, sukulakwa, ndipo amayi akonso sakulakwa, apa nde pamene pakuwawa. Usawaone ngati mdani wa maitanidwe ako. Mbuzi zimenezo zinali banki yawo, zinali mankhwala awo a mawa, anazipereka chifukwa cha iwe. Mayi ake a Marie Louise yemwe ndamutchula pamwambapa nawonso anakwiya koopsa atamuona mwana wawo mu mkanjo wotuwa uja, nde nkhani yako si yachilendo m'banja lathu.

Ndikuuze chilungamo chomwe mwina ena pa misonkhano ya maitanidwe sanena momveka. Ukalumbira umphawi, malipiro ako olo utakhala namwino kapena mphunzitsi wa ku sekondale samabwera m'thumba mwako, amalowa mu thumba la nyumba yonse, ndi omwe amadyetsa sisitere wokalamba amene sangagwirenso ntchito ndi kulipirira wachichepere amene ali kusukulu. Monga akhristu oyamba aja pa Machitidwe 4:32. Nde sudzatha kumangotumiza ndalama pafoni mwezi ndi mwezi ngati mnzako amene walembedwa ntchito m'tauni. Izi zimapweteka, ine ndaonapo asisitere akulira kuchipinda foni ili m'manja chifukwa mng'ono wawo wathamangitsidwa fizi, ndipo pano ndi mafoniwa mavuto onse akumudzi amakupeza ola lomwelo, kale kalata inkatenga masabata. Komanso si zoona kuti ukalowa wataya kwanu. Yesu pa Marko 7 anadzudzula anthu omwe ankati chuma changa ndachipereka kwa Mulungu pofuna kuzemba kusamala makolo. Zipani zambiri zili ndi njira yothandizira kholo la sisitere likadwala kapena likasowa pogwira, kutchuthi timapita, pamaliro timapezeka. Ukamacheza ndi sisitere woona za maitanidwe umufunse funso limeneli mosapsatira, kuti amayi anga akadzadwala zimayenda bwanji, ndipo umvetsere bwino yankho lake, safunsa anadya phula.

Chinanso, palibe chothamangira. Sumalowa lero nkulumbira mawa. Pamakhala nthawi yocheza ndi chipani uli kwanu, kenako upostulanti, nthawi yoyamba kukhala ndi asisitere, kenako novisheti, nthawi yophunzira moyo wa chipani usanalumbire, yomwe malamulo a Mpingo amati isachepere miyezi 12 ndipo zipani zambiri zimachita zaka ziwiri, kenako malumbiro a kanthawi kwa zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi, nthawi zina mpaka zisanu ndi zinayi, malumbiro a moyo wonse amabwera kumapeto. Pa nthawi yonseyi uli ndi ufulu wobwerera ndipo si manyazi. Ena amayamba apanga kaye kozi, kugwirako ntchito zaka ziwiri zitatu, kukankha mng'ono wawo mmodzi afike poti angathandize pakhomo, kenako nkulowa mtima uli m'malo. Maitanidwe enieni sathawa chifukwa wadikira pa chifukwa chabwino chotere, bola usadikire mpaka kalekale pongoopa.

Usasankhe chipani chifukwa cha mtundu wa velo kapena chifukwa amatumiza anthu kunja. Pita ukakhale nawo sabata, uone mmene amalankhulira ndi mlonda wawo ndi wophika wawo, uone ngati munthu wosauka amafika pakhonde pawo momasuka. Za amalume, usakangane nawo, pempha abambo mfumu kapena amayi a ku limana omwe amayi ako amawakhulupirira kuti mukakhale pansi pamodzi, ndipo ngati kungatheke uwatenge amayi ako akaone okha kunyumba ya asisitere, akadye nawo nsima. Amayi anga ine anasiya kulira tsiku lomwe anaona sisitere wachikulire akundidzudzula kuti sindikudya mokwanira, pobwerera anandiuza kuti kani uli ndi amayi ena kuno.

FUNSO: Kodi asisitere mumakangana? Nanga mumakhala bwanji nyumba imodzi Achewa, Alomwe, Atumbuka ndi ochokera kunja? Mnyamata wa kwaya.

YANKHO: Achimwene, timakangana ndithu, mitengo yoyandikana siilephera kukhulana. Za kiyi wa galimoto, za mchere wa m'ndiwo, za amene watenga chaja, nthawi ya chisankho cha dziko nde ngakhale nkhani za pa wailesi zimafuna kusamala pakamwa. Paulo ndi Barnaba omwe anasemphana mpaka kusiyana njira, zili pa Machitidwe 15. Anthu omwe ndimakhala nawo sindinawasankhe ndipo iwo sanandisankhe, anatiika pamodzi ndi akuluakulu a chipani chifukwa cha ntchito yomwe ili pamalopo, ndipo kwa ine chimenechi chakhala chovuta kuposa lumbiro lina lililonse. Chomwe chimatigwira ndi belu la m'mamawa. Munthu amene munasemphana naye dzulo usiku amakhala pa benchi yomweyo, inu mukuimba ndime ya salimo mbali ino iye akuyankha mbali inayo, ndipo nkovuta kumaliza salimo lonse chonchi mtima uli chiumire, ngakhale zimatheka masiku ena, sindinama. M'nyumba yathu tinagwirizana kuti tikakhala patebulo tizilankhula chinenero chomwe aliyense akumva ndipo mafoni azitsala pa shelefu, komanso kamodzi pamwezi timakhala pansi kuunikira limodzi ngati zomwe tikuchita zikufananabe ndi zomwe tinatumidwa. Mwezi uno pa nkhani zokambirana talembapo kalata ya bambo aja a mdzukulu wa malungo.

Makalata a mwezi wamawa afike pasanakwane pa 15, ndipo amene munafunsa za Chigawo Chachitatu cha Fransisko Woyera musadandaule, ndapempha mnzanga wa banja limenelo kuti adzakuyankheni yekha.